Mwamuna Wolembedwa pa Fomu

Anakumana tsiku limene firiji ya mu labu inasiya kuzizira. Mtsikana wa mu labuyo anali atangoyamba ntchito pa kafukufuku wa amayi oyembekezera. Anamwino ankatenga timadzi ta pa khomo la chiberekero ndi kathonje, iye n'kuyeza ngati muli chizindikiro choti khomolo layamba kufewa nthawi isanakwane. Mzere umodzi pa kachipangizo unkatanthauza kuti mayi akhoza kudikira. Ikakhala iwiri, mwana akhoza kubwera msanga.

Wokonza firiji anali wapakamwa potsekemera. Firiji anaikonza m'mphindi khumi, koma anabweranso kanayi kudzaiona. Ankamutchula "dokotala wanga," ngakhale mtsikanayo anamuuza kangapo kuti si dokotala. M'mawa uliwonse meseji inkalowa: "Wadzuka bwanji, duwa langa? Chaka chino sichitha ndisanakaonekere kwa makolo ako." Amayi a mtsikanayo anali atayamba kale kufunsa za tsiku.

Lachitatu lina kachipangizo kanaonetsa mizere iwiri. Mayi nambala 214, mimba ya masabata 31. Namwino wamkulu anati mayiyo wabwerera kale kunyumba ndipo alibe foni, pa fomu analembetsa ya mwamuna wake. Foni ya ofesi inali itathima.

"Imba ndi yako, mwana wanga, tisachedwe."

Anayamba kudina manambala. Asanamalize, foni inatulutsa dzina limene iye mwini anasunga: Wanga, ndi kamtima kofiira pambali.

Anafufuta, n'kudinanso pang'onopang'ono, chala chili pa fomu. Kodi namwino sanalakwitse polemba? Kodi 7 uyu sanali 1? Dzina linabwera lomwelo. Pa mzere wa ubale panalembedwa momveka: mwamuna. Ana amoyo: awiri.

Foni inangoitana kamodzi.

"Dokotala wanga! Wandisowa kale?"

"Bambo, ndikuimba kuchokera ku labu ya chipatala. Akazi anu ayezedwa m'mawa uno. Mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. Mubwere nawo lero lomwe."

Mbali inayo kunamveka chitsulo chikugwa pansi. Kenako mawu anayamba kuthamanga: zinthu sizili mmene akuganizira, anasiyana kalekale, amangokhala nyumba imodzi chifukwa cha ana.

"Kalekale wanuyo ali ndi masabata 31, bambo. Pezani galimoto."

Anadula. Analemba pa fomu kuti mwamuna wadziwitsidwa, n'kusaina. Siginecha inatuluka ngati ya munthu wina.

Patapita ola anafika, mwamunayo atanyamula chikwama cha mkazi wake, maso ali pansi. Namwino wamkulu analoza mtsikana wa mu labu kuti ndiye anaona vutolo. Mayiyo anamugwira manja onse awiri.

"Mulungu akudalitseni, achemwali. Mukanapanda kuimba inu, awa sakanabwera. Masiku ano ntchito yawachulukira, safika msanga pakhomo."

"Tsopano azifika, mayi," anayankha. "Lowani, anamwino akudikira."