Chala Pamsewu wa ku Yandalong

Amene anandiuza nkhaniyi ndi Merv, ndipo Merv ndi munthu woti bodza limamulaka. Mkazi wake Noelene, yemwe zinamuchitikira, sakonda kuikamba, koma sanatsutsepo ngakhale liwu limodzi. Mayi Dulcie a ku Yandalong nawonso akadali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Kuchipululu kwathu kuno, galimoto ziwiri zikamadutsana, woyendetsa amakweza chala chimodzi pachiwongolero. Ndiwo moni wathu. Umudziwe usamudziwe, chala umakweza, chifukwa mwina munthu amene ungamuone tsiku lonselo ndi yekhayo. Noelene anaphunzira moniwu ali kamtsikana kwa bambo ake, a Athol, omwe ankakweza kachala kawo kodukira pakati, kamene makina ometera nkhosa anakadula kalekale. Koma tsopano panali patatha zaka khumi ndi zisanu asakulankhulana nawo. Mayi ake atadwala, a Athol anati athane kaye ndi kumeta nkhosa, kuchipatala apita mawa. Mawa limenelo mayiwo sanalione.

Ndiye Mayi Dulcie, oyandikana ndi a Athol, ataimba foni kuti mdalayo sabata ino saimaliza, Noelene anangoti wamva. M'mawa mwake analongedza. Choti akawauze bambo akewo sankachidziwa, koma ankafuna kukawapeza akadali moyo.

Ulendo wa masiku awiri Merv anausandutsa wa atatu. Katauni kalikonse ka mumsewu umenewo, poona kuti anthu amangodutsa osaima, kanadzimangira chinthu chachikulu pambali pa msewu, ndipo Merv ankafuna kujambula chilichonse. Ku Wirrabool kuli nkhosa ya simenti yotalika kuposa tchalitchi. Kwina kuli nsapato ya malata yoti mkati mwake amagulitsamo tiyi. Kwinanso akuluakulu ndi ndevu zawo anakhala pansi n'kupangana zomanga ntchentche yachitsulo, ngati kuti zenizeni zomwe zinkamulowa Noelene m'kamwa zinali zosakwanira.

"Imani apo, Mayi, mugwire mwendo wake," anatero Merv.

"A Merv, bambo anga akufa, inu mukufuna ndigwire mwendo wa ntchentche?"

"Mphindi ziwiri zokha."

Mphindi ziwiri za Merv zinkaphatikizapo kuwerenga chikwangwani chonse, kugula kasupuni kachikumbutso, ndi kufunsa mwini sitolo kuti mvula anaiona liti. Noelene ankatukwana chamumtima. Koma tinene zoona: nthawi zonsezi makiyi ankakhala pampando, iye osawatola. Ankaopa kukaonana ndi bambo ake, ndipo chidodo cha Merv chinangokhala pobisalira.

Tsiku lachitatu masana, zitamukwana, Noelene analanda chiwongolero n'kulowa msewu wa fumbi lofiira wopita ku Yandalong. Msewu umenewo ndi wowongoka, ulibe mphambano, ndipo ukhoza kuyendamo maola atatu osaona nyumba. Dzuwa litapendeka, kutsogolo kunatuluka fumbi. Inali pikapu yoyera yakalekale, woyendetsa atavala chipewa chachikulu chophimba nkhope. Podutsana, chala chinakwera pachiwongolero.

Noelene sanayankhe. Anali atakwiyira dziko lonse. Merv atamukumbutsa kuti sanabweze moni, anamuuza kuti ngati akufuna atsike, akamubwezere yekha, amujambulenso.

Patatha theka la ola kunatulukanso fumbi kutsogolo. Pikapu yoyera, nyali yakumanzere yosweka, chitseko chomanga ndi waya. Chipewa chomwecho. Chala chinakweranso. Noelene anati ichi n'chidakwa chikufuna kusewera nawo, koma mawu ake sanamveke ngati a munthu wokhulupirira zomwe akunena. Galimoto yomwe yakudutsa siingabwerenso kuchokera kutsogolo pamsewu wopanda njira yozungulira. Merv anaika kamera pansi.

Wailesi inasiya kulankhula. Ntchentche zomwe zinkalira m'galimotomo zinangoti zii. Pawaya wa mpanda panali akhwangwala ambiri, koma palibe amene analira. Mazenera anali otseka, komabe munalowa fungo la mafuta a ubweya wa nkhosa ndi fodya wa m'kaliwo. Noelene ankalidziwa fungolo. Anakula nalo.

Kachitatu inabwera pang'onopang'ono. Fumbi panalibe. Injini sinkamveka. Matayala okha, akuphwanya timiyala.

"Mayi," Merv ananong'ona, "kwezani chala."

"Sindikufuna."

"Chonde."

Pikapu ija inayandikira. Nkhope sinaoneke. Dzanja linali pachiwongolero. Chala chinakwera. Chinali chodukira pakati.

Mkwiyo wa zaka khumi ndi zisanu unamubwerera Noelene, misozi n'kuyamba kutsika. Zoti mpaka pano mdalayo akukakamirabe kuti zinthu zichitike momwe akufunira iwo!

"Nkhalamba yamakani," anatero, mano atalumana. Kenako anakweza chala.

Atayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, msewu unali wopanda kanthu. Wailesi inayambanso kulankhula za mitengo ya ng'ombe.

Anafika ku Yandalong dzuwa likulowa. Mayi Dulcie anawachingamira pakhonde, ndipo nkhope yawo inanena zonse asanatsegule pakamwa: a Athol anali atatisiya cha m'ma 5 koloko. Noelene anatembenukira kwa mwamuna wake n'kumuuza kuti apite akakumbatire ntchentche yake ija, popeza ndi yomwe waipindula paulendowu. 

Mayi Dulcie ndiwo anamugwira Noelene paphewa. Anati mdalayo anali asanalankhule chiyambire Lamlungu, koma madzulo amenewo kachala kawo kaja kanadzuka pabulangete, kenako n'kugwa. Patapita nthawi kanadzukanso. Kachitatu kanakhalitsa m'mwamba.

"Ndiye anamwetulira, mwanawe," anatero Mayi Dulcie. "Anati, 'Wayankha.' Basi, n'kupita."

Merv, posowa kopenya, analowa m'chishedi cha kuseri kwa nyumba. Pikapu yoyera inali mmenemo, nyali yakumanzere yosweka, chitseko chomanga ndi waya. Inali yokhazika pa njerwa, yopanda tayala ndi limodzi lomwe, nkhuku zitaikira mazira pampando. Mayi Dulcie amalumbira kuti inali isanayende kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Merv anaika dzanja pamwamba pa injini n'kulichotsa msanga. Panali potentha.

Zithunzi za ulendowo Noelene anazitentha zonse, kupatula chimodzi chomwe amasunga m'kabati. Pachithunzicho waima atakwinya nkhope, atagwira mwendo wa ntchentche yachitsulo. Kumbuyo kwake, patali ndithu, pali pikapu yoyera itaima pambali pa msewu, ngati ikudikira kuti amalize.