Mphasa Imene Sinatenthedwe

Mtembo wa Useni, mlangizi wa ziweto, unapezeka m'mawa m'chisakasa cha Fakiri wogulitsa nyama, kuseri kwa msika wa pa Boma. Sajeni Sailesi anaupeza utakulungidwa kale m'nsalu, zingwe zitamangidwa.

"Kolera, bwana," anatero Fakiri. "Anangofika n'kugwera pamphasa apa. Musayandikire."

Munali mu 1974, kolera itavuta m'mbali mwa nyanja. Womwalira nayo sankasambitsidwa, ankaikidwa tsiku lomwelo. Ngakhale ashehe anaima patali.

Anthu ankanong'ona za msodzi amene anakangana ndi Useni, koma Sailesi anakam'peza ali gone kuchipatala kuyambira sabata yatha. Komweko anaonana ndi Mayi Julia, amene ankasonkhanitsa a zaumoyo, a ziweto ndi a nyama zakutchire kuti aziuzana za miliri.

"Kolera yotani yopha munthu amene dzulo madzulo amaseka nane?" anatero mayiwo. "Anati ng'ombe zikufa ku Dwambazi, magazi akuda akutuluka m'mphuno. A zakutchire aonanso mvuu zakufa. Nthenda imeneyo imapha ndi wodya nyamayo. Useni amati afufuze ngati yalowa mumsika."

Sailesi anabwerera msanga kumsika limodzi ndi Mayi Julia. Azimayi anali atayamba kundanda pogula nyama, ndipo Fakiri anali khale m'chisakasa, akudya chinangwa.

"A Fakiri, malemu anagwera pamphasa iti?"

"Iyi yomwe, bwana."

"Mudzi uno mphasa ya wakolera timatentha. Inu mwakhalapo, n'kumadyerapo. Mtima umenewu munaugula kuti?"

Chinangwa chinamugwa m'manja. Mayi Julia anamasula zingwe zija. Kunkhongo kwa Useni kunali bala la nkhwangwa.

"Ng'ombe ndikugulitsayi inafa yokha," anatero Fakiri, maso ali pansi. "Useni anaizindikira. Ndinam'pempha, m'bale wanga, usanene. Kumzikiti akanamva kuti ndimadyetsa Asilamu anzanga nyama yosazinga, ndikanaloza kuti nkhope? Ndinadziwa kuti wakolera palibe amamuvundukula."

Dzuwa lisanafike pamutu, apolisi anali atatseka msika, a ziweto akukwirira nyamayo m'dzenje lakuya, a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo kulanda imene inagulidwa. Palibe nyumba imene inali itaiphika.

Sailesi anapita kwa ashehe, navula chipewa.

"Tengani madzi, ashehe. M'bale wanu mum'sambitse."