Phukusi la Kaloyan

Madzulo amenewo Tsveta anali atangomaliza kusambitsa mwana pamene Yasen anagogoda. Anabwera ndi banitsa, chitumbuwa cha tchizi chogula m'njira, chitazizira kale. Anavula nsapato pakhomo, n'kukhala pampando wa kukhitchini.

Yasen anali mnzake wa Kaloyan, mwamuna wa Tsveta, amene anamwalira mwezi wapitawo. Mtima unangoima akudikira basi m'tauni mwawo momwemo, mu Ruse. Masana Kaloyan ankakonza makompyuta m'masukulu. Madzulo ankagwira ntchito yosalipidwa pamodzi ndi anzake a pa intaneti, anthu osonkhanitsa mapulogalamu aulere kuti aliyense atenge. Yake inali pulogalamu yaing'ono yoyerekezera mafayilo awiri. Imawaika pambalipambali, chochotsedwa n'kuoneka chofiira, choonjezedwa chobiriwira. Sanailembe ndi iye. Iye ankangoilongedza m'phukusi kuti izilowa bwino m'makompyuta a anthu, ndipo pamwamba pa phukusi lililonse pamakhala dzina la wolisamalira.

"Mlamu, ndabwera ndi nkhani yosakoma," anatero Yasen. "Phukusi lija akuti tsopano ndi lamasiye. Likakhala lopanda mwini amalichotsa. Ndimati ndilitenge ine."

"Litengeni. Koma dzina lake lisachoke."

"Sizitheka. Pamakhala dzina la munthu woti akamufunsa ayankha."

"Dothi silinaume pamanda, inu mwayamba kale kugawana chuma?"

"Chuma chake chiti, mlamu? Zaka zonsezi sanapezepo ngakhale kapu ya khofi."

Tsveta sanaseke. Kuntchito dzina la mwamuna wake anali atalifufuta kale. Pachitseko cha nyumba yawo yosanjikizana linalipo, koma papepala lolengeza maliro, pansi pa chithunzi chonyowa ndi mvula. Paphukusi pokha m'pamene linali likadali dzina la munthu wamoyo.

"Ayi," anatero. "Ndakana."

Yasen anavala nsapato zake n'kupita.

Usiku mwana, Neda, anadzuka akulira. Tsveta anamunyamula kuti akamutenthetsere mkaka. Atatuluka m'chipinda chogona, anaima.

Pansi pa chitseko cha kachipinda kogwirira ntchito ka Kaloyan pankatuluka kuwala.

Kompyuta ya m'menemo Tsveta anaizimitsa yekha tsiku la maliro. Chitseko sanatsegulenso.

Kenako anamva. Tcha. Tcha, tcha. Mabatani akudinidwa pang'onopang'ono.

Neda anasiya kulira.

Tsveta anakankha chitseko ndi phazi. Munali fungo la jekete lonyowa ndi fodya. Munalibe munthu. Koma mpando unali utakokedwera kutebulo, ndipo katsamiro kake kanali katalowa pakati ngati pali wina wakhalapo. Neda anatambasula manja onse awiri kulozera mpandowo, akuseka ndi kamwa lake lopanda mano.

Pagalasi la kompyuta panali mbali ziwiri. Kumanzere, mzere umodzi unali wofiira: dzina la Kaloyan. Kumanja, moyang'anizana nawo, mzere wobiriwira wopanda kanthu.

Batani linatsika lokha. Pamzere wobiriwira panatuluka Y. Kenako a. Kenako s.

"Kalo," ananong'ona Tsveta. "Usatero."

Mabatani anaima.

Kunja kunadutsa galimoto, kuwala kwake kunayenda padenga n'kuzimirira. Mpando unalira pang'ono, monga unkalirira mwini wake akamatembenuka. Tsveta anamva kuzizira patsaya, ngati dzanja la munthu wongolowa kumene kuchokera pachisanu. Kuzizirako kunatsikira pamutu pa mwana, kunakhalapo kanthawi.

"Ndi pokhapo watsala," anatero, misozi ikulowa m'kamwa. "Ndidzamuonetsa chiyani mwanayu?"

Mpando unaliranso. Mabatani anayambiranso, msanga tsopano, mpaka dzina lonse la Yasen linakwana. Batani lomaliza linamenyedwa mwamphamvu. Galasi linada. Katsamiro kanafufuma pang'onopang'ono.

Tsveta anakhala pansi pomwepo, mwana ali pachifuwa, mpaka kunja kunayera.

Foni inalira m'mawa. Anali Yasen.

"Mlamu, mawu achinsinsi otsegulira kiyi ya pakompyuta imene Kaloyan ankasainira phukusi, anakuuzanipo?"

"Sanauzepo munthu. Ngakhale ine."

"Phukusi latumizidwa m'bandakucha. Lasainidwa ndi kiyi yake. Ndi lokonzedwa bwinobwino, koma dzina lili pamwamba ndi langa. Mulungu akuona, si ine."

"Ndikudziwa," anatero Tsveta. "Lisamalireni."

Nkhani inayenda m'masitepe a nyumbayo monong'ona. Azakhali Donka, okhala m'nyumba ya pansi pawo, anati cholakwa n'chodziwika: maliro atachitika anaphimba magalasi onse m'nyumba, ndi wailesi yakanema yomwe, koma galasi la kompyuta analiiwala. Amati masiku makumi anayi asanakwane, womwalira amayendera malo ake n'kumaliza zimene anasiya, ndipo polowera pake ndi pagalasi losaphimba.

"Ponyapo nsalu lero lomwe, mwanawe," anatero atakumana naye pakhomo. "Ukufuna abwerenso?"

Tsveta anawadutsa n'kulowa m'nyumba.

Nsalu sanaponyepo. Madzulo alionse amayatsa kompyutayo, kukokera mpando kutebulo, n'kusiya chitseko chotsegula. Mwana akadzuka usiku, amaima naye pakhomopo n'kumvetsera.

Mabatani sanalirenso.