Maliro a Pansi pa Phiri la Kadzilawa

Mbereko inkadzuka munthu wake asanadzuke. Belu la m'mawa likalira, zitsulo zinkawongoka zokha, n'kumuimiritsa mkaidi kaya ali maso kaya akadalota, kenako n'kuyenda naye kupita kumene kunali ntchito. Chinali chimango cha chitsulo chopepuka, chomangidwa kumsana, m'manja ndi m'miyendo, ndipo chinkalandira malamulo kuchokera ku kompyuta yomwe inali pamwamba pa phiri. Akampani ankachitcha Mthandizi. Akaidi ankachitcha mbereko, chifukwa chinkakunyamula ngati khanda n'kukakufikitsa kumene sunafune.

Chinali chaka cha 2088. Pansi pa phiri la Kadzilawa, makilomita awiri kuchokera pamene dzuwa limafika, akaidi mazana atatu ankakumba miyala yopangira mabatire. Mwina mungafunse kuti ngati zitsulozo zinkatha kukumba zokha, munthu ankafunikiranji m'kati mwake. Yankho lake ndi lochititsa manyazi. Mayiko ogula miyalayo anali atakhazikitsa lamulo loti sagula miyala yokumbidwa ndi makina okhaokha, ati pofuna kuteteza ntchito za anthu. Ndiye kampani inapita kundende, n'kukabwereka anthu, n'kuwamangirira m'makina. Pepala linkati mgodi walemba anthu ntchito, ndipo ogula miyala kunjako ankagona tulo tabwino.

Pansipo panalinso chida china chotchedwa Khutu. Tinali timabatani tambirimbiri tokhomedwa m'makoma a mgodi, tomvetsera thanthwe nthawi zonse. Thanthwe likafuna kugwa limayamba labuula, kubuula kwapansipansi kumene munthu amakumva m'chifuwa asanakumve m'makutu. Khutu likamva zimenezo linkaimitsa ntchito, n'kulamula mbereko zonse kuti zithamangire ku chikepe chokwera kumtunda. Musaganize kuti chinali chikondi. Mkaidi akafa ndende inkatumiza wina, koma mbereko ikaphwanyika ankachita kuitanitsa kunja.

Asilikali a ndende sankatsikako. Kunkatentha kwambiri, komanso panalibe choti alondere, poti munthu womangidwa m'mbereko sangathe ngakhale kudzikanda pamsana. Akaidi ankadya komweko, kugona komweko, n'kuona dzuwa kamodzi pa miyezi itatu. Chimene anatsala nacho chawochawo chinali pakamwa basi.

Fanuwelo Chikakuda, mwamuna wa ku Ntchisi, anamangidwa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa chootcha makala m'nkhalango yoletsedwa. Kwawo ankadziwika ndi chinthu chimodzi: besi, mawu ake apansi poimba. Akayamba kuimba pa maliro, ngakhale adzukulu okumba manda ankaima kaye n'kumvetsera. Mumgodi anamuika m'mpata wachisanu ndi chiwiri, pakati pa akuluakulu awiri. Kumanja kwake kunali a Bisalomu, amene anakulira m'migodi asanamangidwe ndipo ankalidziwa thanthwe bwino kwambiri. Kumanzere kunali a Kamtedza, mkulu wa chifuwa chosatha, amene tsiku lililonse ankapempha chinthu chimodzi chomwecho.

"Fanuwelo mwana wanga, ine sindituluka wamoyo muno. Koma thupi langa lokha lidzafike kwathu. Musadzandisiye kudzenje kuno ngati mbewa."

"Mutuluka ndi miyendo yanu, madala," Fanuwelo ankayankha choncho, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti miyendoyo sinalinso yawo.

Lachiwiri lina, ntchito ili m'kati, Fanuwelo anazindikira kuti a Kamtedza asiya kutsokomola. Anatembenuza khosi. Mutu wa mkuluyo unali utagwera pachifuwa, maso ali chitsegulire, koma manja ankakwezabe piki n'kumenya mwala monga mwa masiku onse.

"A Kamtedza! Madala!"

Piki inakwera, piki inatsika.

"Atisiya amenewo," anatero a Bisalomu motsitsa mawu. "Uza akumtunda."

Mbereko iliyonse inali ndi kachida kolankhulira pakhosi. Fanuwelo anakuwa kuti nambala 214, a Kamtedza, amwalira. Anamuyankha mawu a kompyuta, osalala ndi aulemu.

"Nambala 214 ikugwira ntchito bwino. Pitirizani."

Anakuwanso, ndipo yankho linali lomwelo. Kompyutayo inkadziwa kuti munthu alimo m'mbereko poyeza kulemera kwake basi, ndipo mtembo umalemera ngati munthu.

Kwathu kuno maliro akagwa pamudzi, khasu siligwira nthaka. Ngakhale munthu woipa mtima chotani sapita kumunda mnzake ali chigonere m'nyumba ya siwa. Tsono apa panali amuna mazana atatu akukumba tsiku la maliro, ndipo womwalirayo akukumba nawo limodzi. Fanuwelo analira. Misozi inkatsika mpaka m'kamwa, manja ake ali kalikiliki ndi piki, osatha kuipukuta. Madzulo mtembo unayenda nawo pamzere kupita kogona, mbereko inaugoneka pambali pake, ndipo m'mawa belu litalira unadzuka nawo limodzi.

Tsiku lachitatu fungo linali litadzaza mpata wonse. Masana mbereko zinawakhazika pansi m'chipinda chachikulu chodyera kuti amwe phala la m'machubu, koma palibe anatsegula pakamwa. Mtembo wa a Kamtedza unakhala pakati pawo, chubu chikukhavulira phala pachibwano. Fanuwelo anauyang'ana, mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anachita chinthu chokhacho chimene akanatha. Anayamba nyimbo ya maliro ya kwawo, yapansipansi, yokoka.

"Pita, mlendo, pita, katundu wako tatula..."

A Bisalomu analandira. Kenako mpata wachisanu ndi chimodzi, kenako wachisanu. Posakhalitsa amuna mazana atatu anali kuimba ndi mawu a m'chifuwa, ndipo chipindacho, pokhala cha mwala wokhawokha, chinabweza mawuwo mpaka zitsulo za mbereko zinayamba kunjenjemera. Mwadzidzidzi magetsi ofiira anayaka.

"Chenjezo. Thanthwe likubuula. Nonse ku chikepe."

Mbereko zinadzambatuka n'kuthamanga nawo. Patapita mphindi makumi awiri anali kumtunda, akuphethira padzuwa, ena akuseka, ena akulira. Asilikali anathamangira kumzere, n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Panalibenso chobisa, poti oyendetsa malole a miyala onse anaona. Anamasula mtembo, anaukulunga m'bulangeti, ndipo patapita masiku awiri unafika kwawo kwa a Kamtedza.

Atabwerera pansi, akaidi anali ndi chimwemwe chimene anali atachiiwala. Anzake ankangomutchula Fanuwelo kuti a Besi. Koma a Bisalomu sanasangalale nawo.

"Tamverani kuno, anyamata," anatero. "Zachitika kamodzi, zikhale kamodzi. Chinthu chili m'khomachi chimaphunzira, ndipo eni ake si ana. Khutu limeneli ndi lokhalo limene limatiganizira pansi pano. Tikalinamiza kawirikawiri, lidzatitaya."

Onse anavomera. N'zosavuta kuvomera mawu a akulu pamene palibe wafa.

Patapita milungu isanu anamwalira Tiyese, wa mumpata womwewo wachisanu ndi chiwiri. Mkulu wake wa bere limodzi, Saukira, ankakumba moyang'anana naye. Masana ake m'chipinda chodyera Saukira anangoti maso pa Fanuwelo.

"Achimwene, yambani."

"Saukira, paja tinagwirizana..."

"Tinagwirizana chiyani? A Kamtedza ndinawaimbira ine, mawu mpaka kusasa. Sanali abale anga. Lero mng'ono wanga wasanduka galu? Amayi ndikawauza kuti chiyani, kuti ndinamusiya akukumba?"

"Mwana wanga, tamva kaye," anayamba a Bisalomu.

"Ayi madala, musandiuze zimenezo. Maliro n'kulirana. Kapena mwambowu unathera pa a Kamtedza?"

Saukira ankanena zoona. A Bisalomu nawonso ankanena zoona, koma zoona zawo sizinali ndi mtembo pambali. Fanuwelo anatseka maso n'kuyamba nyimbo, ndipo magetsi ofiira anayakanso.

Kumtunda, asilikali ali m'kati momasula mtembo wa Tiyese, mayi wina wovala chipewa choyera cha mainjiniya anayenda pamzere akufunsa amene amayambitsa nyimbo. Anali Mayi Nyirongo, amene ankayang'anira Khutu. Ataima pamaso pa Fanuwelo anayang'ana uku ndi uku, n'kulankhula monong'ona.

"Abambo, ndikupempheni. Musaimbenso. Abwana a mgodi andiuza kuti zikachitikanso ndiliphunzitse Khutu kuti lizinyalanyaza nyimbo yanu."

"Ndiye liphunzitseni, mayi. Ife tidzapeza ina."

"Simukundimvetsa. Ndakhala ndikuyerekeza mawu anu ndi a thanthwe kwa milungu isanu. Pansi paja sasiyana. Ndikalitseka kwa inu, ndalitseka kwa thanthwe."

Fanuwelo anamufunsa:

"Nanga bwanji osangowauza kuti azitulutsa akufa? Ife sitikupempha kumasulidwa. Tikungopempha manda."

"Ndawauza katatu. Akuti mgodi suima chifukwa cha munthu mmodzi." Mayiyo anayang'ana pansi. "Ndili ndi ana, abambo. Ndikakana, abweretsa wina amene sadzabwera n'komwe kudzakuchenjezani."

Fanuwelo anawauza anzake zonsezi osabisa kanthu. Anagwirizananso kuti sadzaimbanso, ulendo uno molumbira. Koma mwezi usanathe anafa munthu wa mumpata wachiwiri, mlendo wochokera kutali amene analibe mbale ngakhale mmodzi mumgodimo. Anakumba ali wakufa tsiku loyamba, anthu ali chete. Anakumba tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu wina kumbuyo anayamba nyimbo ija ndi mawu onjenjemera, akuphonya n'kuphonya. Fanuwelo analuma mlomo mpaka magazi. Koma munthu amene waimba pa maliro kuyambira ali mnyamata sangamve nyimbo ikugwa n'kuisiya, ndipo anangozindikira besi yake yalowa kale. Magetsi ofiira anayakanso. Atafika kumtunda tsiku limenelo, Mayi Nyirongo sanatuluke mu ofesi.

A Bisalomu sanakalipire aliyense. Anangomuuza Fanuwelo kuti, "Ine ndikadzafa musadzavutike. Khutu lafa kale."

A Bisalomu anamwalira Lachisanu m'mawa, patangopita masiku khumi, ali pantchito mumpata wachisanu ndi chiwiri. Ulendo uno anthu sanadikire nthawi ya phala. Fanuwelo anayamba pomwepo, piki ili m'manja, ndipo amuna makumi anayi a mumpatawo analandira. Anaimba ndime yoyamba akuyang'ana magetsi. Anaimba yachiwiri. Magetsi anakhalabe oyera, ndipo manja a a Bisalomu anapitiriza kumenya mwala.

Anaimbabe, tsopano osati kuti akwere kumtunda, koma chifukwa mkuluyo anayenera kuliridwa. Ali pa ndime yachitatu, Fanuwelo anamva besi ina pansi pa yake. Zaka zonse zimene anaimba, panalibe munthu amene anatsikapo kuposa iye. Anaimva m'chifuwa asanaimve m'makutu.

"Tasiyani! Khalani chete nonse!"

Nyimbo inaduka. Kubuula kuja kunapitirira. Fumbi linayamba kusefukira kuchokera kudenga, timiyala tikugwera pa zipewa.

"Kumtunda!" Fanuwelo anakuwa m'kachida ka pakhosi. "Si ife! Tasiya kuimba! Ndi thanthwe!"

"Phokoso la akaidi," anayankha mawu osalala aja. "Pitirizani ntchito."

"Mayi Nyirongo! Mayi, ngati mukumva, si nyimbo iyi!"

Saukira anayesa kuthawa. Anakoka thupi lake lonse, mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma mbereko inamuyendetsa sitepe imodzi kutsogolo, kufupi ndi khoma limene linali kung'ambika, n'kumukwezetsa piki. Ena ankaitana amayi awo, ena ankapemphera. Onse ankaona mng'alu ukukula, ndipo onse ankaumenya ndi manja awo. Fanuwelo anachita mantha aakulu, mantha a munthu amene akuona imfa ikubwera pang'onopang'ono iye atamangidwa. Anatembenuza khosi n'kuyang'ana a Bisalomu, amene mutu wawo unkagwedezeka pa kumenya kulikonse.

"Munanena, madala," anatero.

Mu ofesi kumtunda, Mayi Nyirongo anamva kukuwako ndipo anathamangira pa batani loimitsa mbereko. Linafuna chilolezo cha abwana, monga mmene abwanawo analamulira pambuyo pa nyimbo yachitatu. Foni ya abwana inali ikuitanabe pamene pansi panagwedezeka.

Mpata wachisanu ndi chiwiri unatsekeka wonse, ndi mamita makumi asanu a mwala. Kampani inati kukumba njira yokafika kumeneko n'kosatheka. Koma batire la mbereko limakhala masiku asanu ndi anayi, ndipo mbereko zimene sizinaphwanyike zinapitiriza ntchito. Mayi Nyirongo ankamvetsera kudzera mu Khutu lomwelo, ndipo ankamva mapiki akugogoda kuseri kwa mwala, kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo. Masiku awiri oyambirira ankamvanso besi, yofooka, ikuyamba nyimbo n'kuisiya panjira. Kuyambira tsiku lachitatu anatsala mapiki okha.

Mabatire atatha, kompyuta inasunga uthenga womaliza umene inalandira kuchokera mumpatawo, wonena kuti nambala zonse zikugwira ntchito bwino. Mkazi wa Fanuwelo atapita kundende kukafunsa za mwamuna wake, asilikali anamuwerengera uthenga umenewo n'kumuuza kuti abwerere kumudzi akadikire.

Munthu amene anaperekeza anzake atatu kumanda a kwawo anakwiriridwa ndi phiri popanda womuimbira, ndipo mpaka lero ku Ntchisi sanakhuze maliro ake, chifukwa pepala likuti akadali pantchito.