Zitseko za Galimoto ya Zygmunt

Kwathu ku Detroit sitinkadya tisanapemphere kolona. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto, ndipo mlongo wanga Zygmunt ankaimba kwaya kutchalitchi. Anali mwana womvera mpaka boma litaletsa mowa m'dziko lonse.

Apa m'pamene anatulukira Bronek Sikora, mkulu wa zigawenga za m'dera lathu, wa mphete chala chilichonse.

"Iwe woimba, ukufuna kukalambira m'fakitale ngati mdala wako?" anatero. "Tsidya lija la mtsinje, ku Canada, mowa ndi wololedwa. Mtsinje ukaundana n'kusanduka ayezi, woloka pa galimoto, ukatenge. Basi."

Zygmunt anawoloka, kwaya n'kuitaya.

"Mwanawe, ayezi si msewu," anatero bambo. "Ndalama zimenezo muno zisalowe."

"Chabwino bambo, khalani ndi kabichi wanuyo."

Anasamuka tsiku lomwelo, mayi akulira.

Owolotsa mowa anali ndi lamulo lawo. Ankagula galimoto yakutha n'kuichotsa zitseko zonse, kuti ayezi akasweka munthu alumphe. Zaka ziwiri Zygmunt anatsata lamuloli. Kenako ndalama zinamuzunguza mutu, n'kugula galimoto yatsopano yobiriwira, imene ankaipukuta ndi mpango wake wa m'khosi.

M'mwezi wa Malichi, ayezi atayamba kufewa, mayi anadwala. M'mawa wina ndinamutsatira Zygmunt kugombe kukamuuza. Ndinamupeza akukangana ndi Bronek, chifukwa galimoto yakutha ija inali itafa.

"Ngati ukupita pa yatsopanoyi, chotsa zitsekozo, chitsiru iwe," anatero Bronek.

"Galimoto yokongola chonchi ndiisandutse khola la nkhuku? Komanso kukuzizira." Anatembenukira kwa ine. "Halina, dikira pompano. Tipitira limodzi kwa mayi."

Ndinadikira. Masana anatulukira kuchokera kutsidya, galimoto itanjuta ndi mabokosi a mowa. Atatsala pang'ono kufika, ayezi analira ngati mfuti, mutu wa galimoto n'kulowa pansi. Ayezi anapana zitseko zonse. Ndinaona dzanja lake likumenya galasi, kenako madzi okhaokha.

Bronek anangofunsa mnzake kuti munali mabokosi angati, n'kuyatsa fodya.

Mtembo unapezeka mu Meyi, mayi titawaika kale. Mpaka lero mtima umandiwawa, ndipo nthawi zina ndimamukwiyirabe.

Achinyamata, musanamizidwe kuti mudzalumpha zinthu zikavuta. Tchimo poyamba limakusiyirani potulukira, koma mukalizolowera mumadzitsekera nokha m'kati.