Mankhwala a Mbewa Anathera ku Saluni

Lolemba, 8 koloko m'mawa, Rumaisa Twalibu anayang'ana zithunzi za mafupa a mbewa zake. Mafupa onse anali olimba, ndipo limenelo ndiye linali tsoka.

Rumaisa ankagwira ntchito pa labu ina yaing'ono pafupi ndi msewu wa Great East. Chaka chathunthu anaweta mbewa za mitundu iwiri, zoyera ndi zakuda. Miyezi itatu yomaliza ankazithirira mankhwala a siteroidi m'madzi akumwa. Mankhwalawa amathandiza odwala mphumu ndi nyamakazi, koma anthu ena amawadya mafupa pamene ena sawakhudza kwenikweni. Labuyo inkafuna kudziwa ngati kusiyanaku n'kwakumtundu. Mbewa zoyerazo mafupa ake amafooka msanga, zakuda zimapirira. Koma apa zonse zinali zojintcha ngati sizinalaweko ngakhale dontho.

Mkulu wa labu, Dokotala Nkandu Mwila, anaponya zithunzizo patebulo.

"Ba Rumaisa, nichani ichi? Mbeba izi munali kuzipasa mankhwala olo munali kulemba chabe pa pepala?"

"Ninali kuzipasa, ba Dokota. Sininajombepo."

"Nifuna yankho pa Fulaide. Ngati kulibe, makiyi musiye pa geti. Palibe labu izakulembani nchito futi."

Rumaisa analuma mlomo mpaka magazi. Iyeyo waulesi? Munthu amene ngakhale tsiku la Idi anasiya abale ake pa mphasa n'kubwera kudzayeza mbewa pasikelo? Anatuluka osatsazika.

M'chipinda chosungira mankhwala anapeza mzere wa nyerere. Zinkakwera shelefu, kulambalala mabotolo ena onse, n'kukathera pa botolo la siteroidi. Nyerere si zopusa, sizivutikira zowawa. Rumaisa anatapa ufa wa m'botolomo pang'ono, kuusungunula, n'kuviikamo kapepala koyezera shuga. Kanasintha mtundu nthawi yomweyo. M'botolomo munali gulukosi, ufa wotsekemera wa m'magolosale. Miyezi itatu yonse mbewa zake zinkamwa madzi a shuga.

Makiyi a chipindacho anali atatu: ake, a Dokotala Mwila, ndi a Whyson Daka, bambo wotsuka makola a mbewa amene anakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri. Rumaisa anamupeza akusintha utuchi.

"Ine nine wa makeji chabe, mayo," anatero Whyson, maso ali pa utuchi. "Va mankhwala niziba chani ine?"

Anayankha mwaulemu woposa muyezo, ulemu uja umene umanunkha. Koma kukayikira si umboni.

Lachitatu m'mawa, kwawo ku Kalingalinga, Rumaisa anamva kuti Chipo, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, ali m'chipatala. Anaterereka pampopi. Kugwa kwake kunali kosekeka, koti munthu amangodzuka n'kudzisasa, koma Chipo, wazaka 24, anathyoka fupa la m'chiuno.

Rumaisa anapita kukamuona pa ola la alendo, ndipo atafika pabedi anaima chilili. Nkhope ya Chipo inali itatupa n'kukhala yozungulira. Kuseri kwa khosi kunali chotupa cha mafuta, miyendo itaonda, m'mikono muli mizere yofiirira. Zimenezi ankazidziwa bwino, ndi zizindikiro za munthu amene wamwa siteroidi wochuluka.

"Iwe Chipo, umamwa chani?"

Chipo anayang'ana kukhoma.

"Nikufunsa iwe!"

"Ni ka ufa chabe, ba sisi. Ka ku saluni ya ba Tiwo ku Mtendere. Ati kamaleta mahipsi. Chikwati changa chili mu Disemba, manje balamu banali kuniseka ati nili monga ndodo."

Anatulutsa m'chikwama kabotolo kapulasitiki, kochepa ngati chala, ka chivindikiro chabuluu. Pambali pake panali polembedwa Z-14, ndipo analemba ndi Rumaisa mwini. Kanali kamodzi mwa mabotolo ogwiritsidwa kale ntchito amene ankapereka kwa Whyson kuti akawotche.

"Amaleta ndani?"

"Ba Dokota bena. Bamabwela pa Fode, pa lanchi."

Rumaisa atapita ndi kabotoloko ku polisi, Sajenti Petronella Sakala anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Mbeba? Mwabwela kulipota mlandu wa mbeba?" Kenako anatembenuza kabotoloko. "Nipo mwakamba mweka kuti analemba apa ndimwe. Nikumangeni imwe?"

Rumaisa anamenya tebulo. "Nimangeni! Koma poyamba tiyende ku wodi mukaone mwana wa bene mwamene bamuonongela. Mukaseke kwamene kuja!"

Sajenti anapita naye. Anakhala ndi Chipo mphindi khumi. Potuluka sankasekanso.

Lachinayi, 1 koloko masana, saluni ya Tiwo kuseri kwa msika wa Mtendere inali yodzaza. Sajenti Sakala anakhala pampando atavala chitenje, akulukidwa tsitsi. Wapolisi wina anaima kukhomo lakumbuyo akudya chimanga chootcha. Rumaisa anabisala m'kashopu ka telala tsidya la njira, akusuzumira pakati pa madiresi.

Whyson anatsika minibasi nthawi ili 1:20. Pakona anaima, n'kutulutsa m'chikwama jekete loyera la ku labu, kulivala, n'kukoloweka cholembera m'thumba. Wotsuka makola uja analowa m'saluni akuyenda monyang'wa, amayi akumupatsa mpando.

"Ba Dokota bafika!"

Anatsegula kontena ya chakudya. Munali timabotolo ta zivindikiro zabuluu, todzaza mpaka pamwamba.

"Pang'ono chabe mu tiyi, m'mawa na m'mazulo," anatero. "Mwezi umozi, bamuna banu sibazakuzibani."

Sajenti anadzuka, tsitsi lolukidwa mbali imodzi, unyolo uli m'manja.

"Whyson Daka, ndine wa polisi. Manja kuno."

Whyson anataya kontena n'kuthamangira kumbuyo. Anapunthwa pa beseni la madzi otsukira tsitsi n'kukagwera pamapazi a wapolisi wa chimanga uja. Apolisi anamutulutsa jekete litanyowa, Tiwo naye atagwidwa pamkono.

Rumaisa anawoloka njira ali ndi mkwiyo. Whyson atamuona sanachite manyazi n'komwe.

"Mbeba ni mbeba, mayo! Zinali kumwa mankhwala yodula pamene banthu bayafuna. Nipo onani ba Tiwo aba, bamwa miyezi itatu, bali chabe bwino!"

"Ndiye vamene tinali kufuna kuziba, imwe!" anakuwa Rumaisa, msika wonse ukumva. "Mbeba zoyela zimathyoka mafupa, zakuda zimalimba. Banthu nabo ni chimozimozi, koma sitiziba uti ni uti. Imwe mwapasa mbeba zanga shuga, mwatenga bana ba bene kuyeselapo. Chipo sayenda!"

Whyson anaponyedwa m'galimoto ya polisi, milandu ili itatu: kuba, kudzitcha dokotala, ndi kugulitsa mankhwala oopsa popanda chilolezo.

Foni ya Rumaisa inalira. Anali Dokotala Mwila, atamva kale kwa Sajenti. Anapepesa, nati ntchito yake ilipo, ayambirenso ndi mbewa zina. Kuyambiranso! Chaka chonse chapita m'madzi, munthu akunena ngati akuitanitsa tiyi. Rumaisa anadula foni.

Amayi a m'saluni muja anali atamuzungulira. Ena nkhope zinali zotupa, ena ayi. Kenako mayi wina wobereka mwana kumbuyo anamukoka dzanja la malaya.

"Ba sisi, ine namwa kuyambila mu Juni. Nili monga mbeba ziti, zoyela olo zakuda?"

Rumaisa anayang'ana mayiyo ndi mwana amene anali kumbuyo kwake. Mkwiyo wonse uja unamuthera, m'maso munadzaza misozi.

"Siniziba, mayo. Musaleke kumwa mwazizizi, chingakupwetekeni. Yendani ku kiliniki lelo lamene, mukabauze vonse."

Mayiyo anagwedeza mutu n'kutembenuka kuti azipita. Rumaisa anamuitananso.

"Mwana uyo mupaseni wina abeleke."