Kamtengo Kopanda Miyendo

Modesta ankakhala ku Dambe, kumapiri a Neno. Anali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake linali Laimoni.

Laimoni anali wamakani. Ukati khala, iye ankaima. Ukati ima, iye ankathamanga. Koma ndagi ndiye ankazikonda. Ukangoti "Ndagi," mwana uja sankachoka asanayankhe.

Tsiku lina awiriwa ankachokera kusukulu. Modesta ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kufika naye Laimoni kunyumba ali bwinobwino.

Anafika pa kamtsinje. Masiku onse madzi ake ankalekeza m'mapazi. Koma tsiku limeneli madzi anali ofiira. Madzi ankathamanga. Kumapiri kunali mtambo wakuda bii.

Modesta anakumbukira mawu a amayi. "Madzi akafiira musawoloke. Muzidikira abambo anu."

"Laimoni, tidikire," anatero Modesta.

"Kuno mvula sinagwe," anatero Laimoni. "Madziwa ndi ochepa. Taonani, achemwali, nyumba yathu ndi iyo. Ine njala yandipweteka."

Laimoni anavula masilipasi. Modesta anamugwira dzanja. Laimoni anapulumuka ngati mlamba.

Modesta anathyola kamtengo. Anakazika pamchenga wouma, pafupi ndi madzi. Abambo ankachita choncho akafuna kudziwa ngati madzi akukwera. Koma kamtengo kamafuna kukadikira. Nanga Laimoni ankadziwa kudikira? Phazi lake limodzi linali kale m'madzi.

Modesta anachita mantha.

"Ndagi," anatero Modesta.

Laimoni anaima. Sanacheuke.

"Gize," anayankha.

"Atambala atatu agona m'khola. Mawa titola mazira angati?"

"Atatu."

"Wagwa nayo. Kodi tambala amaikira mazira?"

Laimoni anacheuka. Anachotsa phazi m'madzi. "Aaa, mwandipusitsa. Nenani ina."

Modesta anabwerera m'mbuyo pang'ono. Laimoni anamutsatira.

"Ndagi."

"Gize."

"Mbalame zisanu zatera pamtengo wa nachesi. Iwe wagenda imodzi ndi legeni. Zatsala zingati pamtengopo?"

Laimoni anawerenga zala. Anapinda chala chimodzi. "Zinayi."

"Wagwa nayonso. Zinzakezo zingakhale pomwepo kukudikira iwe? Zonse zathawa."

Laimoni anaseka. Modesta sanaseke. Anayang'ana kutsidya. Abambo sankaoneka.

"Ndagi."

"Gize."

"Amayi aphika mbatata imodzi. Yapsa pa ola limodzi. Nanga mbatata zitatu mumphika womwewo zipsa pa maola angati?"

Ulendo uno Laimoni sanafulumire. Anakanda mutu. Anaganiza. Anaganizanso.

"Ola limodzi lomwelo," anatero. "Zonse zili mumphika umodzi."

"Wakhoza."

Koma apa ndiye Modesta analakwitsa. Munthu wanjala sumutchulira mbatata.

"Mwandikumbutsa njala," anatero Laimoni. "Basi ine ndapita."

Laimoni anathamangira kumadzi. Modesta anafunafuna ndagi ina m'mutu. Munalibe. Ndagi zonse zinali zitathawa.

Laimoni analowa m'madzi. Madzi anafika m'mapazi. Analowanso. Madzi anafika m'miyendo.

Modesta anafuna kulira. Kenako anaona kamtengo kaja.

"Laimoni! Ndagi!"

Laimoni anaima.

"Gize. Koma ikhale yomaliza."

Modesta analoza kamtengo. "Kamtengo kanga kalibe miyendo. Ndinakazika pouma. Sikanayende. Koma tsopano kali m'madzi. Zatheka bwanji?"

Laimoni anayang'ana. Zoonadi, kamtengo kanali m'madzi.

"Munakasuntha," anatero.

"Sindinakakhudze. Unali nane."

Laimoni anayang'anitsitsa. Kamtengo kanali ndi tsamba limodzi. Madzi anakhudza tsambalo. Kenako tsamba linamira.

Laimoni anayang'ana miyendo yake. Iyenso sanayende. Koma madzi anali atafika m'mawondo.

"Kamtengo sikanapite kumadzi," anatero pang'onopang'ono. "Madzi ndi amene abwera."

"Wakhoza."

"Achemwali, akubwerabe."

Laimoni anatuluka m'madzi yekha. Anagwira dzanja la Modesta. Analigwira zolimba. Anathamangira kumtunda. Anakwera pamwala waukulu.

Ali pamwalapo anamva mkokomo. Mkokomo unkachokera kumapiri. Unkakula. Unkayandikira.

Madzi ambiri anatulukira pakona. Ananyamula nthochi yathunthu. Ananyamula chipika chachikulu. Chipika chija chinadutsa pamalo pomwe Laimoni anaima. Kamtengo sikanaonekenso. Masilipasi a Laimoni anapita nawo.

Laimoni analira. Modesta anamukumbatira. Iyenso misozi inatsika.

"Masilipasi anga," anatero Laimoni.

"Asiye apite. Bola iwe ulipo."

Kutsidya kunatulukira munthu akuthamanga. Anali abambo. Anakuwa, koma madzi ankasokosa kwambiri. Ndiye anangokweza dzanja. Ana anamvetsa. Dzanjalo linkati khalani pomwepo.

Abambo anathyola kamtengo kawo. Anakazika m'mphepete mwa madzi.

Onse anadikira. Anadikira. Laimoni anakhala phee. Maso ake anali pa kamtengo ka abambo.

Dzuwa linapendeka. Mkokomo unachepa. Madzi anayamba kutsika.

"Achemwali, taonani," anatero Laimoni. "Kamtengo katsala pouma. Madzi akubwerera kwawo."

Abambo anadikirabe mpaka miyala inaoneka. Kenako anawoloka pang'onopang'ono. Ananyamula Laimoni paphewa. Anabwereranso kudzatenga Modesta.

Kunyumba amayi anali pakhomo, manja ali kumutu. Atawaona anawathamangira. Anawagwira kumaso. Anawagwira m'manja. Anawagwiranso kumaso.

Kenako anabweretsa mbale ya mbatata yotentha. Onse anakhala pamphasa.

Laimoni sanayambe kudya.

"Ndagi," anatero.

"Gize," anayankha amayi ndi abambo.

"Kamtengo kalibe miyendo. Anakazika pouma. Sikanayende. Koma kapezeka m'madzi. Zatheka bwanji?"

Abambo anayang'ana amayi. Anakanda mutu, koma ankamwetulira.

"Mphepo inakankha?" anafunsa abambo.

"Mwagwa nayo," anatero Laimoni. "Madzi ndi amene anabwera."

"Ndagi yabwino imeneyo. Wakuphunzitsa ndani?"

Laimoni anayang'ana m'mbale. Anasankha mbatata yaikulu kuposa zonse. Anaisenda bwinobwino.

"Achemwali, idyani," anatero. "Ine ndidikira."